Sukulu Yopanda Belu

 

Mawu athu lero akuchokera m'Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 1, ndime 1 mpaka 4. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani muwerenge nokha pang'onopang'ono. Ndi ndime zimene ambiri timazilumpha pothamangira nkhani ya Zakariya ndi Elizabeti, chifukwa mulibe mngelo ndipo mulibe chozizwitsa. Muli munthu chabe amene akufotokoza mmene anagwirira ntchito yake. Luka akuuza Teofilo kuti ena anali atalembapo kale za nkhaniyi, kuti gwero lake ndi anthu amene anaona ndi maso awo, kuti iye mwini anabwerera kuchiyambi n'kufufuza chimodzichimodzi mosathamanga, ndipo kuti wazisanja bwino kuti Teofilo asakayikenso zimene anamva.

Ndasankha mawu amenewa chifukwa ndikufuna tilankhule za ana athu amene anatenga kale digiri yoyamba, ndipo tsopano abwerera ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri, imene amaitcha masters, kapena yachitatu, ya PhD. M'mipingo mwathu alimo ambiri masiku ano. Ena ndi aziphunzitsi amene amapita kukaphunzira nthawi ya tchuthi, ena ndi anamwino, ena ndi alangizi a zaulimi, ena ndi ansembe amene. Ndipo makolo ambiri amafunsa funso limodzi: "Kodi si yemwe uja tinamuvinira atavala mkanjo ndi chisoti? Wabwerera kukatani? Kodi analephera?"

Sanalephere ayi, agogo. Wapita ku sukulu ya mtundu wina.

Pa digiri yoyamba, imene pa maphunziro ambiri kuno kwathu imatenga zaka zinayi, mphunzitsi ndiye amabweretsa funso, ndipo yankho lake limapezeka m'buku. Wophunzira akawerenga, akamvetsa, akakumbukira, amakhoza. Pa digiri yachiwiri zinthu zimayamba chimodzimodzi. Chaka choyamba pamakhala makalasi ndi mayeso. Koma chikatha chakacho, wophunzira amauzidwa kuti abweretse funso lakelake, funso limene yankho lake silinalembedwe m'buku lililonse, ndipo apite akalifunefune yekha. Mphunzitsi wa ku Chadiza angafunse chifukwa chake ana a giredi 2 pa masukulu ena amawerenga Chinyanja bwino pamene pa masukulu oyandikana nawo sawerenga. Namwino wa ku Petauke angafunse chimene chimachititsa amayi apakati kusiya sikelo asanatsirize. Pa PhD ntchito yonse ndi imeneyo kuyambira tsiku loyamba, zaka zitatu kapena kuposerapo. Ndi ntchito ya Luka ija: kuwerenga zimene ena analemba, kufunsa amene anaona, kulondola mosamala, ndi kulemba mwa dongosolo kuti wina akhulupirire.

Ine ndinagwira choko zaka zambiri. Pa masukulu ena amene ndinaphunzitsa, belu lathu linali limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo, koma limuyo inkalamulira tonse, ana ndi aziphunzitsi omwe. Ikalira, wofuna ndi wosafuna amalowa m'kalasi. Pa kafukufuku palibe belu. Palibe amene amaitana maina m'mawa. Munthu angakhale mwezi wathunthu osatsegula kompyuta, ndipo palibe amene angabwere kudzamufunsa. N'chifukwa chake mudzaona anthu anzeru kwambiri, amene sanalepherepo mayeso chibadwire, akukhoza makalasi onse a chaka choyamba, kenako n'kungozimirira. Mukawafunsa amati, "Ndatsala ndi kulemba chabe." Papita zaka zisanu, akadali otsala ndi kulemba chabe.

Tisaiwale kumene tachokera. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, Azambia amene anali ndi digiri ya ku yunivesite anali pafupifupi 100 chabe m'dziko lonse. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo anthu wamba anasonkha nawo pomanga, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi. Copperbelt University ku Kitwe inabwera mu 1987, Mulungushi ku Kabwe mu 2008, ndipo lero mayunivesite ndi ambiri, a boma, a mipingo ndi a anthu. Mzambia woyamba kutsogolera University of Zambia, kuyambira mu 1969, anali mwana wa kuno ku Mmawa, a Lameck Goma a ku Lundazi. Anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, ku Cambridge ndi ku London. Kodi mukudziwa chimene anafufuza zaka zonsezo? Udzudzu. Ndikhulupirira kuti kumudzi analipo amene anapukusa mutu kuti munthu wamkulu ngati uyu wawolokera nyanja chifukwa cha udzudzu. Koma mayi aliyense amene anagonapo m'chipatala ndi mwana wodwala malungo akudziwa kuti udzudzu si nkhani yaing'ono. Lero ophunzira amakhala m'mbali mwa madamu a pa yunivesite paja amene amatchedwa Goma Lakes, ambiri osadziwa kuti dzinalo ndi la munthu amene anapirira kuyang'anitsitsa kachilombo kamodzi mpaka atakadziwa.

Tsono ndilankhule ndi iwe mwanawe amene ukuganiza zoyamba. Luka yemweyo, pa mutu 14 ndime 28 mpaka 30, analemba fanizo la Ambuye la munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera ndalama zake, kuopa kuti angasiyire pa maziko anthu n'kumamuseka. Khala pansi ndi pepala. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali basi yopita ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Chipata, ulendo wobwerezabwereza. Pali pogona, pali mabandulo a intaneti, pali kusindikiza mapepala, pali maulendo a kafukufuku weniweniyo, amene palibe adzakulipirira. Ngongole za boma za ophunzira zimene tinazolowera zimathandiza makamaka a digiri yoyamba. Wa digiri yachiwiri kawirikawiri amadzilipirira kuchokera pa malipiro ake, malipiro omwewo amene akudyetsa ana ndi kugulira makolo feteleza. Ngati powerengera waona kuti njira yokha yotsirizira ndi kaloba, dikira chaka china. Kudikira si tchimo. Ndaona mabanja akusowa mchere chifukwa malipiro onse akupita kwa mwini kaloba, digiri nayo osaoneka.

Thandizo lilipo, ngakhale olifuna ndi ochuluka. Boma la Britain lili ndi Chevening, imene imalipirira masters ya chaka chimodzi, ndipo wolandira amalonjeza kubwerera kwawo kukakhala zaka zosachepera ziwiri. Pali Commonwealth. Pali Beit Trust, imene imathandiza ophunzira a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Pali Rhodes ya ku Oxford. Kulembera Chevening sikulipiritsa ngakhale ngwee imodzi, choncho munthu akakutumizira uthenga pa WhatsApp kuti umupatse ndalama akupezere malo, dziwa kuti ndi wakuba. Usanalipire yunivesite iliyonse ya kuno, funsa ku Higher Education Authority ngati inalembetsedwa ndiponso ngati maphunziro amene ukufunawo anavomerezedwa. Ngati ndi yakunja, makamaka izi zophunzitsa pa intaneti, funsa ku ZAQA ngati pepala lake lidzalandiridwa kuno. Safunsa anadya phula. Ndipo iwe wogwira ntchito m'boma, chilolezo cha akuluakulu ako chikhale cholembedwa, osati cha pakamwa.

Za ndalama ndisiyire pomwepo. Chimene chandilemera pamtima ndi china.

Nthawi ya kafukufuku ikafika, wophunzira amalemba pepala lofotokoza funso lake ndi mmene adzalifufuzire. Pepalalo limapita ku komiti yoona kuti anthu amene adzafunsidwe sadzapwetekedwa kapena kunyengedwa. Amapatsidwa mphunzitsi mmodzi womuyang'anira, amene ophunzira amamutcha supavaiza. Wophunzira akalemba chaputala amatumiza, n'kudikira. Nthawi zina amadikira milungu, nthawi zina miyezi, pakuti mphunzitsiyo ali ndi ophunzira ena ambiri ndi makalasi akeake. Chaputalacho chimabwera chitafiira ndi zolembalemba. Akonza, atumizanso, chibweranso chofiira. Munthu wa zaka 40, amene kuntchito kwake amamutcha bwana, amauzidwa kuti ndime yake ilibe mutu ndipo ayambirenso. Pamapeto pake bukulo limapita kwa oyesa, ndipo pakati pawo pamakhala wochokera ku yunivesite ina, amene sakumudziwa n'komwe. Kenako amaimirira pamaso pawo kuyankha mafunso.

M'chigwa chimenechi ndi mmene woyesa wina uja, amene si wa ku yunivesite, amabwera kudzanong'oneza. Sabwera ndi nyanga. Amabwera ngati mnzako wachifundo. Amati, "Ukuvutikiranji? Pali mnyamata wina m'tauni amalembera anthu, ungomupatsa ndalama." Amati, "Mafomu 200 onsewa ukayendadi nawo m'midzi ndi dzuwa limeneli? Funsa anthu 30, otsalawo ukhale pansi pa mtengo wa mango udzaze wekha, usinthesinthe bolopeni. Adzadziwa ndani?" Amati, "Wina ku Kenya analemba kale zofanana ndi zako. Tenga, usinthe maina a malo." Masiku ano amanenanso kuti, "Uza kompyuta ikulembere." Ndipo ziwerengero zikatuluka mosiyana ndi zimene wophunzira ankayembekezera, amati, "Kankha pang'ono nambala iyi kuti zigwirizane."

Mayunivesite ali ndi makina monga Turnitin ogwira zolemba zobedwa, ndipo ogwidwa amachotsedwa. Koma sindikufuna kukuopsezani ndi makina, chifukwa makina sangaone munthu amene wakhala pansi pa mango uja. Buku la Miyambo, mutu 11 ndime 1, limanena za sikelo yachinyengo, kuti Mulungu amanyansidwa nayo. Ife alimi timaimva bwino ndime imeneyi. Tikudziwa mmene mtima umawawira pamene wogula soya kapena nsawawa wabwera ndi sikelo yopotoka, thumba la makilo 50 n'kulemera 45. Kafukufuku ndi sikelo. Akuluakulu a boma, a zipatala ndi a mabungwe sangayende mudzi uliwonse. Amadalira zimene ophunzira analemba. Namwino akalemba kuti amayi amasiya sikelo chifukwa cha umbuli, pamene akanawafunsadi akanamuuza kuti mtsinje umadzaza ndipo palibe mlatho, wina adzatenga ndalama n'kusindikiza mapepala olangiza amayi, mlatho osamangidwa. Mayi adzaberekera kutsidya kwa mtsinje chifukwa cha mafomu amene anadzazidwa pa mthunzi. Wodzazayo adzakhala atavala kale mkanjo wake, ndipo sadzamva n'komwe za maliro amenewo.

Taganizani Luka akanachita zimenezo. Akanatopa ndi kufunsa, n'kungodzaza yekha zimene akuganiza kuti Mariya ananena, zimene akuganiza kuti zinachitika pa njira ya ku Emau. Ife lero tikanaima pa chiyani? Fanizo la Msamariya wachifundo ndi la mwana wolowerera timawapeza mwa Luka yekha. Tili nawo chifukwa munthu wina sanachite ulesi.

Pali chinanso chimene ophunzira ayenera kumva msanga. Yankho lakuti "zimene ndinkaganiza si zoona" ndi yankho labwino. Ukafufuza n'kupeza kuti njira yatsopano yophunzitsira, imene aliyense akuitama, sinasinthe kanthu pa masukulu amene unayendera, lemba zomwezo. Oyesa sakufuna kuti ulosere molondola. Akufuna kuona kuti unayeza molondola. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ukawaona unene mtundu umene uli, osati umene unalota.

Ndiye pali anthu ofunsidwa aja. Kumidzi kwathu tawalandira ofufuza ambiri. Amafika ndi kalata, amalonjera amfumu, amakhala pa mpando umene tawapatsa, amafunsa kuti timadya kangati pa tsiku, tinakolola matumba angati, ana anamwalira angati. Mayi amasiya mtondo wake n'kuyankha mafunso maola awiri, ena ochititsa manyazi. Akatero amatsazika, ndipo sitiwaonanso. Zimene anapeza zili m'laibulale ku Lusaka, m'Chingerezi. Iwe mwana wathu usachite chomwecho. Uwauze anthu poyamba chimene ukufunira mayankho awo, ndipo wokana umusiye mwaulemu. Usalonjeze chitsime kapena feteleza pamene ukudziwa kuti uli ndi bolopeni chabe. Zachinsinsi zawo uzisunge. Ukatsiriza ubwerere, upemphe amfumu aitane anthu, uwauze m'chinenero chawo zimene unapeza. Mwina adzakukonza pena pamene oyesa onse sanaone. Luka sanasunge zimene anafufuza m'bokosi. Anazipereka kwa munthu amene ankazifuna.

Ndipo muone kuti mu Uthenga wonsewo Luka sanalembemo dzina lake. Kuti anali sing'anga timamva kwa Paulo, m'kalata ya kwa Akolose. Ndikunena izi chifukwa matenda a maudindo atigwira. Munthu amakwiya pa maliro chifukwa woyendetsa mwambo waiwala kunena kuti "Dokotala". Ena amagula udokotala wa ulemu kwa anthu osadziwika bwino kuti nawonso aziitanidwa choncho. Amene anaugwirira ntchito udokotala wake timulemekeze ndithu, anakhetsa thukuta. Koma ngati chimene chikukutumiza ku yunivesite ndi zilembo ziwiri zoika patsogolo pa dzina, sizidzakudzutsa 4 koloko m'mawa m'mwezi wa June kuti ukonze chaputala chachitatu kachisanu. Chimene chimadzutsa munthu ndi funso limene likumuvutitsadi, ana aja amene sakuwerenga, amayi aja a kutsidya kwa mtsinje.

Tsopano nditembenukire kwa ife otsala kunyumba, pakuti sukulu yopanda belu imafuna kuti abale akhale belu. Mutu umodzi susenza denga.

Inu abambo amene akazi anu akuphunzira, nkhani iyi ndi yanu. Mwamuna akamachita masters, nyumba yonse imayenda chonyang'ama, ana amauzidwa kuti asasokose, tiyi amamupeza pa tebulo. Mkazi akamachita masters yomweyo, amachoka kuntchito, aphike, asambitse ana, achape, alandire alendo, ndipo amatsegula mabuku 10 koloko usiku, mwina malaiti atapita. Ndiye akachedwa kutsiriza timati akazi maphunziro apamwamba sawatha. Abambo, kuphika nsima sikunaphepo mwamuna. Ndipo musamve nsanje kuti akazi anu akuposani. Digiriyo ikulowa m'nyumba mwanu momwemo, sikupita kwa aneba. Inunso apongozi, mkamwini kapena mtengwa wanu akalephera kufika pa mwambo wina chifukwa ali ndi tsiku lopereka ntchito, musafulumire kunena kuti wayamba kunyada.

Koma nawenso wophunzira, banja lako si antchito ako. Uwauze kuti ulendowu utenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ukhale ndi tsiku limene mabuku amatsekedwa. Mwana amene ali ndi zaka zisanu pamene ukuyamba PhD adzakhala ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi pamene ukutsiriza. Zaka zimenezo sizibwerera.

Ife a mumpingo tili ndi chizolowezi chimodzi chimene tiyenera kuchiona. Munthu akangodziwika kuti ndi wophunzira, timamusenzetsa zonse. Akhale mlembi wa komiti ya zomangamanga, asunge chuma cha achinyamata, alembe makalata opempha thandizo, atsogolere kwaya. Akapempha kuti apume chaka chimodzi kuti atsirize kulemba, timayamba kunong'onezana kuti maphunziro amuchotsa kwa Mulungu. Mumasuleni ndi mtima woyera. Danieli ndi anzake anakhala zaka zitatu akuphunzira chinenero ndi mabuku a ku Babulo, ndipo Mulungu sanawataye m'zaka zimenezo. Kulemba zoona mosamala ndi utumiki nawonso. Chimene tingachite ndi kumufunsa tikakumana naye pakhomo la tchalitchi. Osati funso lija lopweteka lakuti, "Kodi simunatsirizebe?" Mufunseni kuti, "Muli pa chaputala chiti? Chotsatira mupereka liti?" Tsikulo likafika, mufunseninso. Amayi a Mothers' Union angatenge ana a wophunzira Loweruka limodzi pa mwezi. Amene muli ndi sola kunyumba, muitaneni adzatchaje kompyuta yake ndi kukhala pa tebulo lanu madzulo. Mphunzitsi wopuma ngati ine angawerenge chaputala n'kuona pamene chiganizo chathyoka, ngakhale nkhani yake asaidziwe.

Tikumbukirenso amene ali kunja, ku Britain, ku South Africa, ku China, ku India ndi kwina. Pa zithunzi amaoneka osangalala, atavala majasi pa chipale. Ambiri a iwo amadya okha, amapemphera okha, ndipo foni ikalira kuchokera kwathu imakhala yopempha ndalama. Ndalama imene amalandira ndi yoti adye ndi kulipira chipinda m'dziko lodula, si malipiro. Muziwaimbira nthawi zina popanda chopempha, muwauze kuti mvula yagwa, kuti ng'ombe ija yabereka.

Tiyeni tipemphere.

Atate wakumwamba, tikuika m'manja mwanu onse amene usiku uno akhala pa tebulo ndi ntchito imene yawakanika. Tikupempherera amene akudikira yankho la aphunzitsi awo, ndi aphunzitsiwo pa kuchuluka kwa ntchito yawo. Tikupempherera amene anasiyira panjira ndipo akuchita manyazi kubwerera, ndi amene fizi yawathera. Muyang'anire ana awo ndi okondedwa awo, ndi amene ali kutali ndi kwawo muwapatse abwenzi. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.